Dima la kwa a NyaZiba

Mukatsika minibasi pa Champhira n'kufunsa za Doris Ziba, anthu amayamba ayang'anana kaye. Koma mukati Madamu a NyaZiba, ngakhale mayi wogulitsa tomato amakulozerani njira: mudutse pachigayo, muwoloke kamtsinje, mukaona nyumba ya malata yokhala ndi mtengo wa mapeyala kumaso, mwafika. Ndi mphunzitsi wa Chingerezi pasekondale yoyendera ya m'deralo, mayi wa ana awiri, wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya ndiwo pamoto. Amuna awo, a Walter, ali ku Joni monga amuna ambiri a kuno. Zinthu zikawayendera amabwera pa Khirisimasi. Chaka chimene tikunenachi sanabwere.

Dzina la mayi ameneyu silinamvekepo pawailesi, ndipo palibe mtolankhani anaponda pakhomo pawo. N'chifukwa chake zimene anachita, ndi zimene anzawo anawachitira, ziyenera kulembedwa penapake zisanaiwalike.

A NyaZiba anabadwira kufupi ndi Embangweni, m'banja la alimi a fodya, ndipo anakula akusoka masamba m'chigafa asanathamangire kusukulu. Ataphunzitsa zaka zambiri, anaona chinthu chimene chinkawasowetsa mtendere: anyamata anzeru ankasowa m'kalasi mmodzimmodzi, ukamva ali kale pabasi ya ku Joni. Anafuna kudziwa bwinobwino chimene chimawakoka, choncho analembetsa digiri yachiwiri, ija amati masitazi. Maphunziro ake anali a anthu apantchito. Pa holide mumapita ku yunivesite, mumabwerako ndi mulu wa zowerenga, kenako aliyense amakalimbana nazo yekha kwawo, mpaka atalemba buku la kafukufuku wake.

Kuyekhako n'kumene kunkagwetsa anthu. Pobwerera ulendo wachiwiri, a NyaZiba anaona kuti nkhope zina za ku Mzimba zimene anakwera nazo basi poyamba palibe. Sanadwale, sanalephere mayeso. Anangotopa ali chete. Basi isanafike pa Boma, mayiyu anali atayenda mpando ndi mpando kutenga manambala a otsalawo.

Loweruka loyamba anapangana kukumana pasukulu ina ya pulayimale pa Boma. Wosunga makiyi sanabwere, mvula inabwera, ndipo anthu akuluakulu a maudindo awo anakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula, mapepala pamaondo. Kuyambira pamenepo gululo linatchedwa Khonde, ngakhale pambuyo pake chitseko chinkatseguka. Lamulo linali limodzi lokha: aliyense awerenge mokweza tsamba limene walemba sabata imeneyo, loipa kapena labwino, anzake amufunse mafunso.

Ambiri mwa iwo anali obwera, otumizidwa kuno ndi boma. A Lyson anali namwino wochokera ku Dedza, wogwira ntchito pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Ankafufuza amene amalamula m'banja kuti mayi woyembekezera apite kuchipatala. Tsiku lina anasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo, amayi achitsikana pamodzi ndi apongozi awo aamuna, poganiza kuti banja lonse limveke. Madoda anayankhula mpaka dzuwa kupendeka. Amayi aja anakhala chapatali, maso pansi, osatulutsa ngakhale liwu limodzi.

"Amayi a kuno alibe maganizo," anatero a Lyson pa Khonde, atagwira mutu.

"Maganizo ali nawo, adada, ochuluka kuposa batire la foni yanuyo," anayankha a NyaZiba. "Koma kuno mkamwana, mkazi wobwera kudzakwatiwa pamudzi, satsegula pakamwa apongozi aamuna ali pompo. Mbwenu Lachitatu mudzanditenge, tikawapeze okha."

Anakawapeza m'chigafa akusoka fodya. A NyaZiba anamanga chitenje, anatenga singano, n'kukhala nawo pansi. Amayi aja anayankhula mpaka foni ya a Lyson inadzaza. Zonsezo zinali m'Chitumbuka, ndiye anali a NyaZiba omwewo amene anazimvetsera mawu ndi mawu n'kuwamasulira.

Kunalinso a Perpetua, sajeni wa polisi pa Boma, mayi wamtali wa ku Zomba amene mawu ake amamveka kutsidya kwa msewu. Iwowa, aphunzitsi owayang'anira atawabwezera chaputala chili psuu ndi inki yofiira, anasiya kubwera, anasiyanso kuyankha foni. A NyaZiba sanawalalikire. Anakwera minibasi ndi thumba la mtedza, anakagogoda kunyumba za apolisi, anayala mphasa. Anasenda mtedza awiriwiri akukamba za mitengo ya feteleza ndi za ana, mpaka a Perpetua anadzuka okha n'kukatenga mapepala aja pansi pa matiresi.

Zaka zinapita choncho. Ena anamaliza, anavala mikanjo, anajambulitsa. Ukatsegula mabuku awo, patsamba la mawu othokoza umapeza dzina la Doris Ziba, pena pamwamba pa dzina la mkazi wa mwini buku. Koma buku lokhala ndi dzina lawo pachikuto kunalibe. Mafunso kwa anyamata ndi makolo anali atafunsa kale, zonse zili mu kompyuta. Chimene chinatsala ndi machaputala awiri omaliza, aja ofuna munthu akhale pansi mutu uli phee. Yunivesite inali itawawonjezera nthawi kawiri, ndipo ulendo uno inanena mosabisa: Januwale akatha buku lisanafike, dzina lawo lichotsedwa.

Sanauze munthu. Pa Khonde ankaitana anzawo mmodzimmodzi, ikafika nthawi yawo n'kuyang'ana kunja. "Aa, mitambo iyo. Tiyeni tiweruke, ena tikupita kutali."

Amene anawagwira anali wapolisi. Loweruka loyamba la Januwale, a NyaZiba atayamba kulongedza, a Perpetua anaika dzanja pachikwama chawo.

"Achemwali, khalani pansi. Inu munatiwerengera liti?"

"Ine? Ndinawerenga tsiku lija."

"Tsiku liti? Ine ntchito yanga ndi yofunsa anthu onama, ndipo inu simudziwa kunama. Tanenani."

A NyaZiba anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anafotokoza za Januwale. Anafotokozanso za munda. Chimanga chinali chitafika m'chiuno, feteleza wobereketsa atathira kale, ndipo mizere inkafunika kubandira udzu usanadye zonse. A Walter kulibe. M'mawa kusukulu, masana kumunda, pofika kunyumba maso akutsekeka okha.

"Munda basi?" anatero a Lyson, akumenya pachifuwa. "Madamu, ine ndinakulira pakhasu. Loweruka likubwerali Khonde lonse likusamukira kwanu. Tikuchitirani dima. Inu mungokhala m'nyumba n'kumalemba."

"Yayi, adada, musavutike."

"Tagwirizana kale," anatero a Perpetua. "Amene akutsutsa akadandaule ku polisi."

Onse anaseka, ndipo a NyaZiba anakwera minibasi mtima uli pawiri. Anakondwa, zoona anakondwa. Koma asanafike pa Jenda anali atayamba kale kuganiza za nkhuni.

Munthu sangaitane anthu kumunda n'kuwabweza kukhosi kuli gwa. Izi a NyaZiba sanachite kuziganizira, zinali m'magazi. Komanso awa sanali anthu wamba: anamwino, apolisi, a kukhonsolo, akubwera m'mudzi wa amuna awo, apongozi akuona, mudzi wonse ukuona. Akanati achoke ndi njala, manyazi ake akanafika mpaka ku Joni. Masana a Lachitatu, amene anawasungira chaputala chachinayi, anapita kukapempha chimera cha mawere kwa mayi wina kutsidya n'kukachigayitsa. Lachinayi anasaka nkhuni zouma, zimene mu Januwale zimasowa ngati ndalama. Lachisanu anaphika chindongwa, chija kumwera amati thobwa, m'mgolo waukulu, akutakasa ndi mthiko wofika m'mapewa, utsi wa nkhuni zonyowa ukuwaliza misozi. Anasankha nyemba, anabwereka mbale, iwo ndi ana awo anathamangitsa tambala kuzungulira khola la mbuzi. Kompyuta inali patebulo yovundikira ndi kansalu.

Amene ankawathandiza anali a Judith, mkazi wa akulu awo a Walter, amene m'mudzimo amadziwika kuti a NyaSoko, mayi wa pakamwa posachedwa.

"Kodi alendo anuwa akubwera kudzakupumitsani, eti?" anafunsa a Judith akusonkhezera moto.

"Enya."

"Mwapuma chomene. Ndikuona."

Loweruka alendo anafika dzuwa litakwera pang'ono, pa njinga zamoto kuchokera pa Jenda, makasu atsopano atamangirira kumbuyo. A Perpetua anali m'majombo a kuntchito. A Lyson anavala chipewa chachikulu ngati mzungu wokaona nyama. Ana a m'mudzi anawatsatira mpaka kumunda.

"Madamu, lowani m'nyumba!" anakuwa a Lyson. "Tikuoneni madzulo."

A NyaZiba analowadi. Anachotsa kansalu, anayatsa kompyuta, anawerenga chiganizo chimene anasiyira mwezi wathawo. Pawindo pankalowa phokoso la makasu ndi kuseka. Anaganiza za dzuwa. Anaganiza kuti mwina ena sanadye kanthu pochoka. Asanalembe liwu, anali atasenza kale ndowa ya chindongwa, makapu ali m'manja, akutsetsereka kumunda.

Anagwada n'kupatsa aliyense kapu yake. Ali chigwadire anaona mzere wa a Lyson. Dothi linali litakwera mbali imodzi yokha, ndipo mapesi angapo anali gone pansi, odulidwa bwinobwino patsinde.

"Munati munakulira pakhasu, adada?"

"Makasu a ku Dedza ndi ena, Madamu. Awa mipini yake ndi yaitali."

"Akunama uyu," anatero a Perpetua akupukuta thukuta. "Wakulira pa jakisoni. Chimanga akuchibaya ngati odwala."

A NyaZiba anatenga khasulo kuti angowaonetsa. Anaonetsa mzere umodzi, kenako wachiwiri. Atazindikira, dzuwa linali pamutu, iwo ali patsogolo pa onse, ndipo nthawi yopakula inali itakwana.

Chakudya chinadyedwa pansi pa mtengo wa mapeyala. Alendo anayamikira nkhuku, anayamikira nyemba, chindongwa anachita kupempha china. A Perpetua, atasamba m'manja, anatsamira tsinde la mtengo ali wokhutira.

"Ndiye tiuzeni, achemwali. Sabata ino mwalemba masamba angati?"

A NyaZiba anayamba kusonkhanitsa mbale. Amene anayankha anali a Judith, ali kukhitchini.

"Alemba chomene! Kuyambira Lachitatu akulemba ndi mthiko. Chimene mwamwacho ndiye chaputala chake."

Wina anayamba kuseka, koma anasiya ataona kuti ali yekha. A Lyson anayang'ana kapu imene inali m'manja mwawo n'kuiika pansi pang'onopang'ono. A Perpetua anayang'ana mgolo, mulu wa phulusa, mbale zobwereka, kenako maso ofiira a mnzawo.

"Ndiye kuti ife tabwera kudzakuberani sabata yathunthu," anatero motsitsa mawu, mwina koyamba m'moyo wawo.

"Musatero, ndapota. Mwandithandiza."

"Tinakuuzani kuti musakonze kanthu?"

"Simunanene. Ngakhale mukananena..." A NyaZiba anakhala pansi, mbale zili pamiyendo. "Amama, ine ndine mkamwana pano. Anthu alime m'munda mwa apongozi anga, ine ndili m'nyumba ndikudina kompyuta, iwo achoke osamwa kanthu? Mawa ndidzatunga madzi pamjigo uti?"

Munda unali utabandiridwa theka lokha, theka la mwezi linali litapita, ndipo machaputala aja anali pomwe anali.

"Tibwerenso Loweruka, koma tidzabwere ndi kamba wathu," anayesa a Lyson.

"Mukabwera ndi kamba wanu ndiye mwatitukwana," anatero a Judith, amene tsopano anali atatuluka, manja m'chiuno. "Vuto si chakudya. Vuto ndi awa. Akakhala pakhomo pano, mlendo ali kumunda, sangakhale pansi ngakhale muwamange ndi chingwe cha ng'ombe. Munda uwu ndi wa banja lino. Loweruka dima ndaitana ndine. Chindongwa ndiphika ine, manyazi akhale anga. Koma awa muwachotse, ndisawaone."

A Perpetua anaimirira, mawu awo atabwerera. "Zimenezo ndiye ntchito yanga. Mayi Ziba, Lachisanu mukaweruka mukandipeze pa Boma. Mukapanda kubwera ndidzakutengani ndi unyolo ana a sukulu akuona."

"Nanga ana anga?"

"Ana ali ndi ine," anatero a Judith. "Kodi akadya kwanga amatupa?"

A NyaZiba anafuna kukana. Mawu okana anali okonzeka pakamwa, omwe aja a masiku onse. Koma anayang'ana anthu amene anawazungulira, matuza ali m'manja, matope mpaka m'maondo, ndipo anaona kuti akakana awapweteka kuposa mmene khasu lawapwetekera.

"Mbwenu ndamva," anatero.

Lachisanu anafika kunyumba za apolisi ndi kachikwama ndi kompyuta. A hedimasitala anali atawalola masiku angapo. A Perpetua anawaonetsa chipinda cha mwana wawo amene anali kusukulu yogonera: bedi, tebulo, mpando, windo loyang'ana kumpanda wa njerwa.

M'mawa mwake mwini nyumba atapita ku dima, a NyaZiba anakhala patebulo. Kunali zii. Analemba mzere umodzi, anaufufuta. Anaganiza zoti angotsuka mbale za m'mawa kuti mutu utseguke. Anapeza khitchini ili yokhoma ndi loko. Anafunafuna tsache, tsache kulibe. Ngakhale ndowa ya zovala zakuda inali itasowa. Patebulo la pabalaza panali fulasiki ndi chakudya chovundikira, basi. Anaima pakati pa nyumba ya eni, manja ali lende, ndipo anaseka yekha mpaka misozi. Panalibe womuthandiza, panalibe womudandaulira. Anabwerera kuchipinda.

Chiganizo choyamba chinatuluka movuta ngati chitsa. Chachiwiri chinatsatira. Pofika masana mawu a anyamata aja anali atayamba kubwerera m'makutu mwawo: uja anati sukulu ndi yaitali koma Joni ndi masiku ochepa pabasi, uja anati bambo ake anamanga nyumba ya malata osadziwa kulemba dzina. Zimene anazisunga mumtima zaka zonsezi zinayamba kupeza malo ake papepala.

Madzulo a Perpetua anabwera akutsimphina, ali ndi uthenga. Munda watha. A NyaSoko anaitananso amayi a m'mudzi, ndipo a Lyson analandidwa khasu n'kupatsidwa ntchito yonyamula madzi.

"Anadandaula?"

"Akuti ndi udindo waukulu. Inu musandifunse za kumunda. Masamba angati?"

Masiku otsatirawo anafanana onse. A Perpetua ankakhoma khitchini popita kuntchito. Foni ya a NyaZiba inkalira, ena a pa Khonde akufuna kufunsa kanthu mwachizolowezi, koma inkalirira m'thumba la yunifolomu ya sajeni, ndipo ankayankhidwa kuti Madamu ali m'manja mwa boma. Pakati pa sabata anabwerera ku Champhira kukaphunzitsa ndi kuona ana, Lachisanu n'kudzadzipereka okha. A Lyson anabwera tsiku lina ndi magalasi pamphuno, anawerenga chaputala chachinayi chonse, n'kuloza ndime ina.

"Apa, Madamu, mwanena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Munkatiletsa ndinu."

A NyaZiba anayang'ana ndimeyo nthawi yaitali. Zinawawa pang'ono, monga zimawawira munthu akadzudzulidwa ndi amene anamuphunzitsa yekha. "Mwanena zoona," anatero, n'kuidula pakati.

Januwale anali kumapeto penipeni pamene analemba mawu omaliza. Linali Lamlungu masana, kunja kukuwaza mvula, kwaya ya tchalitchi chapafupi ikuyeserera nyimbo. Potumiza bukulo, netiweki inkabwera n'kuthawa. A Perpetua anagwira foni m'mwamba pafupi ndi windo ngati akuyatsira munthu nyali, a NyaZiba chala chili pa kompyuta. Kamzere kanayenda, kanaima, kanayendanso. Kenako panabwera uthenga wochokera ku yunivesite wonena kuti buku la Doris Ziba lalandiridwa.

A NyaZiba anauwerenga kawiri. Sanakuwe, sanalulute. Anangochotsa manja patebulo n'kuwaika pamiyendo, ngati munthu amene watula mtolo koma khosi silinakhulupirire.

"Adzalibweza lili lofiira," anatero.

"Alibweze. Lofiira timalidziwa," anayankha a Perpetua. Anapisa m'thumba, anatulutsa kiyi, anakatsegula khitchini. "Mwamasulidwa, mayi. Mlandu watha."

A NyaZiba anadzuka kuti akateleke madzi.

"Ayi. Ndati mwamasulidwa, sindinati mwalembedwa ntchito. Khalani pompo."

Anakhala. Anamva mnzawo akukoleza mbaula, akugwetsa chivundikiro, akudzitukwana yekha. Patapita nthawi a Perpetua anabwera ndi tiyi wamkaka ndi chinangwa chophika, anakokera kampando, n'kuwaikira patsogolo. Tiyiyo anali ndi shuga wambiri kuposa mmene iwo amathirira. A NyaZiba analandira kapuyo ndi manja awiri.

"Yewo chomene," anatero, ndipo anamwa mpaka pansi.